Chikasu Pansi pa Katondo

A Nambewe tinawaika m'manda m'nyengo yozizira yapitayi, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, ndipo mpaka lero sindinazolowere kudutsa pakhomo pawo popanda wondifunsa chimene ndavala. Zaka zawo zomaliza maso anali atachita ng'ala, koma makutu ankadziwa mapazi a munthu aliyense m'mudzi muno. Ndikangofika pa mtengo wa mango, mawu ankatuluka pakhonde: "Make Luwizi, wavala chiyani lero?" Ndikayankha kuti kapulana yofiira, nsalu yathu yomanga m'chiuno ija, ndiye kuti ndadziputira. Ankafuna kudziwa kuti kufiira kwake nkotani, kwa tsabola wakupsa, kwa chiwindi cha mbuzi, kapena kwa njerwa yosapsa bwino. Ndikati sindikudziwa, ankandiuza kuti Mulungu anasokoneza, akanachotsa maso angawa nkusiya awo, poti ine sindikuwagwiritsa ntchito.

Anali amayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka. Dzina la ubatizo linali Joakina, koma ankalitchula ndi a padiri okha, ansembe athu. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, mwamuna wawo anapita kukafuna ntchito kutali osabweranso, ndipo iwo sanakwatiwenso. Sindinawamvepo akudandaula za zimenezo. Chimene chinkawadandaulitsa tsiku lonse ndi khoma loziridwa mwaulesi. Mudzi wonse umanditchula amake Tereza, potsata mwana wanga wamkulu mwa amoyo. Iwo okha ndi amene sanasiye kunditchula ndi dzina la Luwizi, mwana wanga woyamba, amene anafa asanayambe kuyenda.

Mkazi aliyense kuno amazira nyumba yake mvula ikatha. Ndi ntchito ngati kusinja, palibe amaitama. Koma a Nambewe akazira nyumba, anthu odutsa panjinga ankatsika nkuyamba kukankha kuti aione bwino. Ofuna kuziridwa ankawatenga mpaka kumidzi ya ku Nsadzo, ndipo ankabwerako mfundo zili mbwee m'mphepete mwa kapulana, mfundo iliyonse dothi lakelake. Kuyenda nawo kunali chilango. Ulendo wa kumunda wokha ankaima kangapo, kutola dothi, kulinyowetsa ndi malovu, kulipaka kuseri kwa dzanja, kenaka nkudikira kuti liume. Ankati dothi lonyowa ndi labodza, limakongola lililonse, chilungamo chake chimaoneka likauma. Pakhonde pawo pankakhala mapale ndandanda: katondo wofiira amene amapezeka paliponse, makande akuda a kudambo, dothi loyera la m'mphepete mwa mtsinje, lotuwa losakaniza ndi phulusa, ndi lina lonkera kukuda lochokera pa chulu. Phale limodzi lokha ankalisunga m'nyumba, lovundikira. Limenelo linali la dothi lachikasu. Ankakalitenga okha, kunyamuka m'mawa nkubwera dzuwa litapendeka, ndipo sankauza munthu kumene amalikumba.

Vuto lawo linali limodzi, sankalola kuti mwini nyumba asankhe mtundu. Ukawaitana, ankafika nkukhala pabwalo m'mawa wonse, akufwenkha fodya, akukuyang'ana mmene ukuyankhulira ndi ana, mmene ukuthamangitsira nkhuku. Akatero ankanyamuka kukatenga dothi limene aganiza iwo. A Nasiwelo, mayi amene ankayankhula ngakhale ali okha kudimba, anawazirira lotuwa, ati pakhomo pawo pakhaleko chinthu chimodzi chachete. Mayi wina wamasiye amene ankangodzitsekera m'nyumba anamupakira loyera mbee kuchokera pansi mpaka kudenga, kuti aziti akatuluka azitsinzina, adziwe kuti kunja kwacha. Ena ankakwiya, ena ankaseka, koma nyumba ziwiri zofanana m'mudzi mwathu munalibe. Chofanana chinali chimodzi chokha: mzere woyera m'mphepete mwa khonde, mbali ya kukhomo, kuti mlendo asazungulire kuseri.

Mkangano wawo umene anthu amaukumbukira kwambiri ndi wa kukapela. Zimenezi zinachitika titakhazikika kale m'mudzi uno, nkhondo itaiwalika pakamwa pa achinyamata. Akhristu anamanga kapela ya njerwa, nkukagula kuloja, sitolo ya ku Chifunde, tinta yopaka khoma ya azulu, mtundu uja wa kumwamba kukakhala kopanda mtambo. Anapaka m'kati monse. Lamulungu lake a Nambewe anafika pakhomo, anasuzumira, nkubwerera kukakhala pansi pa mtengo. Anapempherera pomwepo masabata angapo, dzuwa likuwaotcha. A katekisita, a Domingo, munthu wofatsa, anaganiza kuti ndi nsanje, poti sanawafunse. Kunena zoona nanenso ndinaganiza choncho. A Domingo atapita kukawanyengerera, anawauza kuti tinta ndi yolimba, sisukuluka ndi mvula, ndipo azulu ndi mtundu wa Amayi Maria.

"Amayi Maria sanagonepo pansi pa lona," anayankha a Nambewe.

A Domingo anabadwa mochedwa, sanamve. Ife amene tinathawira ku Zambia tinamva. Kumsasa kumene tinakhala zaka zija, tinkagona m'matenti a malona a mtundu womwewo. Dzuwa likaomba lona, kuwala kwake kunkagwera pankhope za anthu, ndipo aliyense m'katimo ankaoneka ngati wafa kale. Mayi anga anamwalira m'kuwala kumeneko, mutu wawo uli pamiyendo pa a Nambewe. Chodabwitsa nchakuti nkhondo isanafike, azulu ndiwo mtundu umene ankaulakalaka koposa, poti nthaka inawamana. Ankasunga ngakhale kachidutswa ka botolo la mtunduwo, nkumayang'anira dzuwa. Atabwerako ku Zambia anakataya kuchimbudzi. Nkhani ya kukapela inatha a Domingo atawalola kuzira khoma la kumbali ya amayi, kuchokera pansi mpaka m'chiuno, ndi katondo wosakaniza ndi makande. Pamenepo ndi pamene ankakhala, nkhope itayang'ana khomalo.

Koma ine mlandu wanga ndi iwo unali wakale kuposa umenewo. Nditakwatiwa, kumudzi wathu wakale, mwamuna wanga anandimangira nyumba pafupi ndi ya mayi anga. Ndinkafuna yofiira ngati ya anzanga amene anadzizirira okha. A Nambewe sanandifunse nkomwe. Anasowa tsiku lathunthu, nkubwera ndi dengu la dothi lachikasu pamutu, khosi litalowa m'mapewa. Anazira masiku atatu, kawiri konse, nkukulungiza ndi mwala mpaka khonde linayamba kunyezimira. Nyumbayo inkaoneka munthu ali kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinali mtsikana wamanyazi ndi wamakani nthawi imodzi. Anzanga kuchitsime anayamba kunena kuti nyumba yanga ikufanana ndi zimene khanda limasiya pathewera, ndipo ndinalira. Nditawafunsa a Nambewe chifukwa chimene anasankhira chikasu, anangoti ndinabadwa ndi nkhope yamitambo, nyumba izindisekerako.

Atangopita kukazira kumudzi wina, ndinakumba katondo kuseri kwa khola nkuphimba chikasu chonse tsiku limodzi. Atabwerako anaima pabwalo panga nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, poti pakamwa pawo sipankasowa mawu. Koma anangotembenuka nkumapita, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhonde panga. Luwizi atabadwa, ankamunyamulira kwa mayi anga. Tikakumana panjira ndinkapereka moni, iwo nkuyankha akuyang'ana kumbali.

Anadzafikanso pakhomo panga m'mawa wa tsiku limene tinathawa. Luwizi anali atadwala malungo masiku anayi, ndipo anatsirizika mbandakucha, mfuti zikumveka kale kuseri kwa phiri. Amuna anali atatsogola kutchire ndi ziweto. Kumanda kunali mbali yomweyo kumene kunkamveka mfutiko, ndipo adzukulu oti akumbe panalibe. Tinatsala atatu: ine, mayi anga ndi a Nambewe. Iwo ndi amene anati mwana sangasiyidwe pamphasa. Anatenga khasu, anazungulira kuseri kwa nyumba, anayeza mapazi atatu kuchokera pakhonde, nayamba kukumba. Sizichitika kwathu kuno kuti munthu aikidwe pakhomo, ndiponso kuti akumbe akazi, koma tsiku limenelo panalibe womufunsa. Tinamukulunga m'kapulana yanga, tinamukwirira, tinasalaza kuti zilombo zisadziwe. Dzuwa lisanafike pamutu tinali panjira ya ku Kasakatiza, kumalire a Zambia, ine mkaka ukutuluka wokha.

Tinabwerako patapita zaka zambiri, mayi anga atatsala kumeneko. Mudzi sitinaupeze. Akuluakulu anagwirizana kuti timange kuno, kufupi ndi msewu, ndipo bwinja lija, poti nthaka ya pabwinja imabereka, linagwera amalume anga a Zuze kuti alime. Sanali munthu woipa. Nditawauza za Luwizi anavula chipewa, nati ndiwalozere pamene ali, iwo apasiya. Koma anandiuzanso zoona: ana ali ndi njala, mbewu yalandiridwa, ndipo mvula yoyamba ikangogwa makasu alowa.

Ndinapita nawo kubwinjako katatu, ndipo katatu konse ndinaloza malo osiyana. Nyumba zonse zinali zitagwa, zina zitapsa, zina zitadyedwa ndi chiswe, nkusanduka milu yadothi yomera tsekera. Mitengo imene ndinkaidziwa panalibe, panali ina imene sindinaisiye. Ngakhale njira ya kuchitsime inali itatsekeka. Mayi amene anabereka mwana, nkumuika yekha ndi manja ake, osadziwa pamene anamuika. Ndinadzida. Ndinkati ndikatseka maso ndinkaona khasu la amalume likutsika.

Wina wodziwa anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene ndinamulakwira. Ku Zambia konse tinkayankhulana zofunika zokha, za madzi ndi nkhuni. Ndinawapeza pamsasa wawo waudzu akusefa dothi palichero, poti ngakhale msasawo ankafuna kuuzira pansi. Ndinagwada chapatali.

"Amayi, amalume akufuna kulima pabwinja."

"Ndamva."

"Luwizi ali pamenepo."

"Ukundiuza ine? Anakumba ndani?"

"Sindikupazindikira, amayi. Ndayesa katatu. Mukandipezere nyumba yanga."

Anafwenkha fodya, anapukuta mphuno, nandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo. "Nyumba yako iti? Yofiira ija?"

"Ndinalakwa, amayi."

"Sindinakufunse zimenezo. Mawa utenge khasu laling'ono ndi madzi m'chigubu. Mpeni ndili nawo."

Zimene ndinaona masiku atatu otsatirawo ndakhala ndikufotokozera ana anga, koma sindikhulupirira kuti ndimazifotokoza mokwanira. A Nambewe sanayang'ane mitengo kapena phiri ngati mmene ndinkachitira ine. Anapita pa mulu woyamba, anazula udzu m'mphepete, nakumba pang'onopang'ono mpaka khasu linagunda polimba. Chimenecho chinali chigumi cha khonde, dothi lolimba lija limene timazira chaka chilichonse. Khoma likagwa limaphimba khonde, ndipo khondelo limatsala pansi lili bwinobwino. Anadula ndi mpeni ngati akudula chigumu, anadonthezapo madzi, anapukuta ndi chala, nadikira kuti paume. Podulapo panaoneka mizere yopyapyala, wina pamwamba pa unzake, mzere uliwonse chaka chimodzi cha kuzira.

"Ya a Nasiwelo iyi," anatero. "Taona kutuwa kwake. Apa pakusowa chaka chimodzi, ndi chija anathyoka mwendo."

Anaomba m'manja pang'ono ngati akuodira, nkupita pa mulu wina. Tsiku limenelo anatchula nyumba zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse ankaipatsa moni ndi dzina la mwini wake, wamoyo kapena wakufa. Ine ndinkaona thengo, iwo ankayenda m'mudzi. Tsiku lachiwiri mbiri inali itamveka, ndipo amayi ambiri anatitsatira. Aliyense ankafuna kumva kuti iyi ndi yako. Mayi wamasiye uja ataona mzere wake woyera anakhala pansi pamulupo, nayamba kusisita dothi ngati mutu wa mwana. Amalume a Zuze, amene anabwera kudzadula zitsamba, anatsamiritsa nkhwangwa pamtengo nkumangotitsatira.

Koma yanga sinapezeke. Milu yambiri inali yofiira pamwamba, chifukwa zaka zomaliza tisanathawe palibe ankapita kutali kukafuna dothi, aliyense ankangozira katondo wapafupi. Uliwonse ankayenera kuudula mpaka pansi. Ndinawauza kuti mwina chikasu chija chinasungunuka, poti chinali cha chaka chimodzi chokha ndipo ndinachiphimba chisanaone mvula. Sanadzutse mutu. Anati chimene anazira iwo kawiri nkukulungiza ndi mwala sichisungunuka chifukwa cha kamtsikana kopanda nzeru.

Tsiku lachitatu kunatentha koopsa, ndipo masana mitambo inayamba kuunjikana kumpoto, kukugunda chapatali. Manja awo anali atachita matuza, mawondo atasupuka. Ndinawapempha kuti ndikumbe ine, anakana, ati ndiswa chigumi. Panali mulu wina waung'ono, wophwatalala, mtengo waminga utamera pakati pake. Ndinali nditaupondapo kangapo osauwerengera. Anagwada pamenepo, anakumba, anadula, anadonthezapo madzi. Ponyowa panali pofiira pokhapokha. Tinadikira. Pamene pankauma, pansi penipeni pa mizere iwiri ya katondo, panayamba kutuluka kamzere kopyapyala ngati chikhadabo. Kanali kachikasu, kowala ngati kaziridwa dzulo.

"Katondo wakoyu unazira mwaulesi," anatero. "Taona mabumabuma."

Iwo anapitiriza kutsata chigumicho mozungulira, akukwawa, mpaka anapeza mzere woyera wa kukhomo. Umenewo sindinauphimbe, poti ndinkaopa kuti ndi mwambo. Atadziwa kukhomo, anadziwa kuseri. Anadutsa pamulupo, anatsikira mbali inayo, anayeza mapazi atatu. Anagwadanso, nayamba kupala nthaka yapamwamba ndi khasu logoneka, mofatsa kwambiri. Ankanena chapansipansi kuti dothi likakumbidwa silibwerera mwakale, lapansi limasakanikirana ndi lapamwamba, ndipo limakhala choncho mpaka kalekale. Atapala malo aakulu ngati mphasa, anawaza madzi otsala m'chigubu. Pakati pa nthaka yakuda panaoneka chigamba cha dothi lamawangamawanga, lofiira ndi lakuda, chotalika ngati mkono wanga.

Anaika chikhatho pamenepo. "Luwizi," anatero, "amako abwera."

Ndinagwa pansi ndipo ndinalira maliro amene sindinalire tsiku lija. Amayi onse analira nane. Ndikukumbukira kuti m'kati mwa kulirako ndinkawaopa a Nambewe, mantha ake ngati amene munthu amamva akalowa m'tchalitchi muli zii. Amalume a Zuze anatuta miyala nkuzunguliza malowo, motalikitsa kuposa mmene ndikanapemphera, nati pano sipadzalowa khasu iwo ali moyo. Mvula inagwa patapita masiku awiri.

Chaka chotsatira, mvula itatha, tinaumba kachiliza kadothi nkuimika mtanda. A Nambewe anasowanso tsiku lathunthu, nkubwera ndi dengu. Ali m'kati mozira, manja ali chikasu mpaka m'zigongono, anandiuza chimene sanandiuze kale. Anati dothi limenelo m'moyo wawo anazirira nyumba ziwiri zokha. Yoyamba inali yawo, chaka chimene ankayembekezera mwana wawo woyamba. Ana awo atamwalira, anaphimba okha chikasucho ndi makande, nalumbira kuti sadzachipakanso pakhoma. Koma ankapitabe kukachikumba, nkumachisunga m'phale, kungochiyang'ana. Yachiwiri inali yanga. Anati anaona mmene ndinkayendera pochokera kuchitsime, nadziwa kuti ndili ndi pakati ine mwini ndisanadziwe, ndipo mtima wawo unafuna kuyesanso. Sanandidzudzule. Anangopempha kuti ndiwapatsire madzi, dothi likuuma. Ine manyazi a tsiku limenelo ndidzafa nawo.

Kuyambira pamenepo sipanadutse chaka osazira kachilizako. Pakati pa chimanga cha amalume, kenaka cha ana awo, pankaoneka kanthu kachikasu munthu ali pamsewu. Ana a sikola ankalozerana. Miyendo ya a Nambewe itayamba kukana, anapita ulendo womaliza ndi dengu lalikulu, nabwera mochita kudzikoka. Maso atafa, ndinkawagwira dzanja mpaka kubwinja, ndipo ankazira mofufuza, osaphonya ngodya. Mitundu ankaisiyanitsa ndi zala ndi mphuno. Ankati katondo amakanda, makande amamatirira, chikasu chimaterera ngati ufa wa mpunga ndipo chimanunkhira mvula. Kamodzi ndinawayesa mwadala, ndinawapatsa phale la dothi loyera. Ananunkhiza, nandifunsa ngati ndakalamba ndi uchitsiru womwe uja.

Zaka ziwiri zapitazo anandiitana nkundifotokozera njira ya kumene ankakumba: mtsinje wachiwiri, kukwera nawo mpaka pamene madzi amakhota pa mwala wong'ambika. Ndinapita ndi mwana wanga Tereza panjinga yamoto. Mtsinje tinaupeza, koma okumba golide anali atafika kale. Gombe lonse linali maenje ndi milu yamatope, mwala uja osaoneka. Tinafufuza mpaka kutopa. Nditabwerako ndinafuna kuwanamiza, koma anagwira manja anga, anawanunkhiza, nati: "Basi, latsala la m'phalemo. Uzisungunula pang'ono." Sanadzatchulenso nkhaniyo.

Anadwala sabata imodzi yokha. Tsiku lomaliza kuyankhula anandifunsa chimene ndavala. Ndinali nditakonzeka. Ndinati kapulana yobiriwira, kubiriwira kwa masamba a maungu mvula itangogwa kumene, osati kwa masamba a mango. Anati ndayamba kuona, koma mochedwa. Chaka chino kachiliza ka Luwizi sikanaziridwe, poti nthawi yozira inatipeza tili pamatenda ndi pamaliro.

Dzulo ndinapita pakhomo pawo. Nyumbayo ikudikira kugwetsedwa, monga timachitira mwini wake akapita, ndipo achibale akuti zichitike mvula isanagwe. Chitseko ndi chomangidwa ndi luzi. Pabwalo, pamene pankasesedwa m'mawa uliwonse, pagwa masamba a mango, ndipo nkhuku zafukula m'mphepete mwa khonde mpaka kuswa mzere woyera. Mapale akadali ndandanda, dothi litauma nkung'ambika. Pakhoma, pamene ankatsamira zaka zonse zaukhungu, msana wawo unapereseza dothi nkupanga kachigwa kosalala. Ndinagwada kuti ndione. Muli mizere yonse imene anazira kuchokera pamene tinamanga mudzi uno, wofiira, wotuwa, wakuda, woyera, wina pansi pa unzake, mpaka kufika pa dothi wamba la khoma. Wachikasu mulibe.

Phale lija analitulutsa okha masiku awo omaliza, nkuliika pambali pa pamene ankakhala, lovundikira ndi mbale. Ndinavundukula. Dothi latsalamo ndi lokwana dzanja limodzi, lozirira kamodzi kokha, ndipo pamwamba pake pali mizere inayi ya zala zawo, pamene anatapa komaliza. Ndikathiramo madzi, zalazo zifufutika. Ndinakhala nalo pamiyendo nthawi yaitali, kumpoto kukugunda chapatali. Ndikudziwa chimene akanandiuza pa nkhani yosunga dothi louma m'nyumba pamene mwana ali pamvula. Ndinalikulunga m'kapulana, ndinaliika pamutu, ndipo mawa m'mawa ndipita nalo kubwinja.

Nditafika pa mtengo wa mango ndinacheuka. Pakhonde, pamene panali phalelo, patsala bwalo laling'ono loyera bwino, lopanda fumbi. Palibe anandifunsa chimene ndavala.